Zala zathu zimatsala pa boda

Basi yochoka ku Wenela mu Blantyre kupita ku Johannesburg imaima pa makauntala asanu ndi limodzi. Koyamba ndi ku Mwanza, kenako Zobue. Ikadutsa Tete imakafika pa Cuchamano ndi Nyamapanda, ndipo pomaliza ndi Beitbridge, mbali ya Zimbabwe ndi mbali ya South Africa, mtsinje wa Limpopo uli pakati. Paliponse anthu amatsika, kufola pamzere, kupereka pasipoti kuti adindidwe. Kale chimene chinkatsala m'mbuyo mwa munthu ndi dzina lake m'buku lalikulu la mizeremizere, buku limene likadzaza linkakaponyedwa m'chipinda cha mafayilo osatsegulidwanso. Lero pa zipata zambiri pasipoti imalowa m'makina, kamera imajambula nkhope, ndipo munthu amauzidwa kuti aike zala pa kagalasi kowala. Basi ikanyamuka, zonsezo zimatsala m'makompyuta a maboma anayi. Sizifufutika, sizidyedwa ndi chiswe, ndipo mwini wake saziona.

Ndayenda msewu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo sindili m'gulu la anthu amene amati malire asamalonderedwe. Mu Malichi 2020 apolisi a ku Mozambique anaimitsa lole m'chigawo cha Tete, yochokera mbali ya kwathu kuno. Atatsegula kontena anapeza anthu 64 atafa chifukwa chosowa mpweya, amoyo 14 okha. Anali a ku Ethiopia, ulendo wa ku South Africa. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka manda a anthu pafupifupi 30, amene apolisi anati nawonso anali a ku Ethiopia. Anthu amenewa anadutsa m'zipata ndi m'misewu imene ili ndi maofesala. Pakanapezeka mmodzi wogogoda pa kontenayo nthawi ikadalipo, ena mwa iwo bwenzi ali moyo. Amene anamvapo za magumaguma, zigawenga zimene zimabisalira anthu owoloka Limpopo usiku, kuwalanda ndalama ndi kugwirira amayi, sangakane kuti m'malire mukufunika maso ndi mphamvu. Chimene chimandivuta mumtima ndi chakuti mphamvuzo zikukula mofulumira kwambiri, pamene njira zoti wapaulendo adandaule zikamupweteka zikutsalira kutali.

Tiyambe ndi South Africa, poti ndiko abale athu ambiri amalowera. Mpaka posachedwapa pa chipata chimodzi pankakhala nthambi zambiri za boma, iliyonse ndi bwana wake: a imigireshoni, a zaumoyo, a zaulimi, a zachilengedwe, apolisi. Lamulo la 2020 linakhazikitsa Border Management Authority, BMA mwachidule, imene inayamba kuima payokha pa 1 Epulo 2023, ndipo Pulezidenti Cyril Ramaphosa anaitsegulira mwamwambo ku Musina mu Okutobala chaka chomwecho. Mkulu wake ndi Michael Masiapato. Bungweli linasonkhanitsa ntchito zambiri zija pansi pa mtsogoleri mmodzi pa zipata zoposa 70 zapamtunda, zapanyanja ndi za ndege, ndipo lili ndi alonda akeake a yunifolomu. Za misonkho zinatsala m'manja mwa SARS, ndipo asilikali a SANDF akupitiriza kulondera m'tchire. Mu Epulo 2025, Pasaka atayandikira, nduna ya Home Affairs Leon Schreiber inaonetsa atolankhani ma drone anayi, tindege topanda munthu toona ngakhale mumdima potsata kutentha kwa thupi, ndi makamera 40 oti maofesala azivala pachifuwa.

Zisanafike zimenezi panali mpanda. Mu 2020, Covid-19 itangoyamba, boma linamanga mwachangu mpanda wa waya wa makilomita 40 ku Beitbridge pa mtengo wa marandi pafupifupi 37 miliyoni. Sipanapite nthawi, wayayo anali atadulidwadulidwa, anthu akudutsa mmene ankadutsira kale. Ofufuza za katangale a Special Investigating Unit analowapo, aphungu anapita kukauona ndi maso, ndipo makontrakitiwo anapezeka kuti sanatsate malamulo. Nkhani ya mpanda inaululika chifukwa inakhudza ndalama za boma, ndipo ndalama za boma zili ndi eni ake oziwerengera. Munthu wa m'basi alibe womuwerengera wotere.

Ndiloleni ndifotokoze zimene ndinaona pa chipata china cha msewu womwewu, chimene sindichitchula dzina. Patsogolo panga panali mayi wa geni, wachikulire ndithu, chikwama cha mizeremizere chili pamapazi. Ofesala atayang'ana pasipoti yawo anatambasula dzanja kuti amupatse foni, n'kuwauza kuti aitsegule. Inali foni yosweka galasi pakona, yomangidwa ndi labala kuti chivindikiro chisagwe. Mayiwo anaika pini manja akunjenjemera. Ofesala uja anayamba kuseweretsa chala, kukwera ndi kutsika, ndipo ine ndili kumbuyo ndinkaona zithunzi zikudutsa: mabelo a zovala, mwana atagona pa bedi la chipatala ali ndi diripi, mauthenga a pa WhatsApp. Kenako analowa nayo m'chipinda chamkati. Panja dalaivala anali akuimba hutala. Atatuluka anangoiponya pa kauntala, kudinda pasipoti, n'kukodola wotsatira. Sanawauze chimene ankafuna, sanawapatse kapepala kalikonse, ndipo pachifuwa pake panalibe dzina.

M'basi ndinawafunsa ngati akudziwa chifukwa chake. Anandiyang'ana nati, "Achimwene, mukanakhala inu mukanakana? Basi ikanandisiya, katundu wanga ali m'kati." Patapita kanthawi anawonjezera kuti chimene chinawawawa si kuchedwa, koma mauthenga a iwo ndi amuna awo okhudza matenda a mwanayo, nkhani imene sanauze ngakhale abale awo.

Foni ya lero si chikwama. M'chikwama ofesala amaonamo zimene wanyamula tsiku limenelo. M'foni muli zaka zambiri za moyo wa munthu: ngongole zake, matenda ake, chipani chimene amachikonda, mpingo wake, manambala a abale amene ali ku Joni opanda mapepala. Ndipo malamulo aakulu a mayiko athu sanasiye nkhaniyi panja. Gawo 21 la malamulo aakulu a Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu wosasechedwa pathupi, panyumba kapena pa katundu wake, wosalandidwa zinthu zake, ndi wosalowereredwa pa zimene akulankhulana ndi ena, kaya m'makalata kaya pa lamya. Gawo 14 la malamulo aakulu a South Africa likunena zofananazo, ndipo nalonso likunena za aliyense, osati nzika zokha. N'zoona kuti maufulu amenewa ali ndi malire ake, ndipo pa boda boma lili ndi chifukwa chomveka chosechera kuposa m'mudzi. Koma kuchepetsa ufulu kumayenera kukhala kolembedwa m'lamulo, kokhala ndi chifukwa, ndi kosapyola muyeso. Ofesala kungolakalaka kuona za m'foni ya munthu si lamulo.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa mpaka chitawagwera ndi mphamvu ya zolembedwa m'kompyuta. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30. Kuyambira 2014, wopyola masikuwo salipiranso chindapusa pa chipata monga kale. Amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, zaka ziwiri ngati wabwereza, zaka zisanu ngati wapyola ndi masiku oposa 30. Chilango chimenechi chimaperekedwa pa kauntala pomwepo, popanda woweruza. Tsono taganizirani munthu amene anatuluka m'nthawi yake, koma tsikulo netiweki inali itagwa ndipo kutuluka kwake sikunalowe m'makina. Kapena amene anapereka pasipoti kwa transipota kuti akamudinditsire masiku, osadziwa kuti chidindocho n'chabodza. Kompyuta imangonena kuti wapyola. Njira yochitira apilo ilipo, koma ndi ya makalata ndi imelo, m'Chingerezi, ndi maumboni ojambulidwa bwinobwino. Kwa munthu amene wabwerera kwawo ku Mangochi kapena ku Mzimba alibe ndi ya mayunitsi yomwe, njira imeneyi ili ngati kulibe.

South Africa ili ndi lamulo labwino loteteza zinsinsi za anthu, lotchedwa POPIA, la 2013, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Limati wosunga mbiri ya munthu aitenge pa chifukwa chodziwika, asaisunge kupyola pofunikira, aiteteze, ndipo mwini wake akhoza kupempha kuti aione ndi kuti zolakwika zikonzedwe. Woyang'anira lamuloli ndi Information Regulator, motsogozedwa ndi Pansy Tlakula, ndipo ali ndi mano: mu 2023 analipiritsa unduna wa zachilungamo marandi 5 miliyoni chifukwa chosamvera lamulo lake loti uteteze makompyuta ake, atathyoledwa ndi akuba. Komabe lamulo lomweli limapatula zina zimene nthambi za boma zimachita pa chitetezo cha dziko ndi kufufuza milandu, malinga ngati pali malamulo ena oteteza anthu pa ntchitozo. Ntchito ya pa boda imakhala pakatikati penipeni pa mpata umenewu. Kudinda pasipoti ndi ntchito wamba ya mu ofesi, koma ofesala akafuna akhoza kuitchula kuti chitetezo.

Nanga amene wamenyedwa kapena kulandidwa ndalama apite kuti? Wapolisi akalakwa kuli IPID, imene lamulo lake limatchula apolisi a SAPS ndi apolisi a mizinda. Msilikali akalakwa kuli Military Ombud. Mlonda wa BMA si wapolisi ndipo si msilikali. Wodandaula atsala ndi bungwe lomwelo la BMA, kapena Public Protector, kapena South African Human Rights Commission, kapena khoti. Maofesi onsewa ndi enieni ndipo agwirapo ntchito zooneka. Vuto lake n'lakuti anamangidwa poganizira munthu wokhazikika, wokhala ndi adiresi, wotha kubweranso sabata yamawa kudzapereka umboni. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo pa boda mawuwa amapweteka: pofika nthawi yoti dandaulo lilembedwe, wolakwiridwayo ali kale makilomita mazanamazana kutali, kapena ali m'galimoto yomubweza kwawo.

Pamene zinthu zasinthako, zasintha chifukwa ena anaimirira m'malo mwa apaulendo. Ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, Amalawi ambiri adutsako, ndipo dzinali limadziwika ngakhale m'midzi ya kwathu. Lamulo limalola kusunga munthu kumeneko masiku osaposa 120. Human Rights Commission inapita kukhoti itapeza anthu osungidwa kupyola pamenepo, ndipo mu 2014 khoti linagamula kuti n'kuphwanya lamulo, n'kulamula unduna kuti uzipereka malipoti ku bungwelo. Mu Juni 2017, pa mlandu wa Lawyers for Human Rights, Constitutional Court inagamula kuti munthu womangidwa kuti abwezedwe kwawo azionekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, ndipo inapatsa Nyumba ya Malamulo miyezi 24 kuti ikonze lamulo la imigireshoni. Miyeziyo inatha, zaka zinadutsa, lamulo osakonzedwa. Mu Okutobala 2023 khotilo linakwiya kwambiri moti linalamula nduna ya Home Affairs ya nthawiyo Aaron Motsoaledi ndi mkulu wa unduna wake kuti alipire gawo la ndalama za mlanduwo kuchokera m'matumba mwawo. Chigamulo chimenechi ndimachilemekeza. Koma muone kutalika kwa njira yake: zaka zisanu ndi chimodzi kuti anthu akuluakulu akumbutsidwe za ufulu wa maola 48, pamene tindege ndi makamera zimagulidwa m'miyezi yochepa.

Ngakhale ziwerengero zimene olondera amalengeza zimafuna wozitsimikiza. Mu Disembala 2023 BMA inalengeza kuti yaimitsa ana 443 a ku Zimbabwe m'mabasi 42 pa Beitbridge, n'kutchula za kuzembetsa anthu. Nkhaniyo inamveka dziko lonse lapansi. Boma la Zimbabwe linaitsutsa, ndipo ambiri odziwa msewuwu anakumbutsa kuti sukulu zikatsekera ana amatumizidwa kukaona makolo awo ogwira ntchito ku Joni. Mwana woyenda popanda mapepala oyenera ayenera kuimitsidwa ndithu, pa ichi sindikutsutsa. Koma kusiyanitsa mwana wobedwa ndi mwana wopita kwa mayi ake ndi ntchito yofuna munthu wapadera, wosakhala pansi pa amene akufuna kuonetsa kuti bungwe lawo likugwira ntchito.

Makamera a pachifuwa aja ndimawalandira ndi manja awiri, chifukwa ndi chida choyamba chimene chikuloza kwa ofesala yemwe. Amene anapemphedwapo ya fanta pa kauntala akudziwa chifukwa chake. Koma kamera imateteza wapaulendo pokhapokha ngati ofesala sangaizimitse mmene wafunira, ngati zojambulidwazo zikusungidwa ndi anthu ena osati anzake a pa shifiti, ndiponso ngati wodandaula kapena loya wake angathe kuzipempha n'kupatsidwa. Popanda zimenezi kamera imangokhala diso linanso loyang'ana nkhope za ife a pamzere. Ndipo makamera 40 pa zipata zoposa 70 ndi chiyambi chabe.

Tisaganize kuti mayiko olemera anathana nalo vutoli. Ku United States maofesala a pa zipata amasecha mafoni ndi makompyuta popanda chikalata cha khoti, ndipo m'chaka cha boma cha 2024 anasecha zida zoposa 47,000. Kuyambira 2019 wopempha viza amafunsidwa mayina amene wagwiritsa ntchito pa Facebook ndi masamba ena otere kwa zaka zisanu zapitazo. Unduna wawo wa Homeland Security unali ndi ofesi yapadera yoona za maufulu a anthu ndi ina yolandira madandaulo a osungidwa m'ndende za imigireshoni, koma mu Malichi 2025 boma linachotsa ntchito anthu ambiri a m'maofesi amenewa. Ofesi yoyang'anira ikakhala pansi pa bwana yemweyo amene ikumuyang'anira, ikhoza kutsekedwa ndi kalata imodzi.

Tsopano kwathu, chifukwa ifenso tili ndi zipata, ndipo pali anthu amene amanjenjemera pamaso pa maofesala athu monga ife timanjenjemerera pa Beitbridge. Mu 2017 National Registration Bureau inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni, kuwatenga zidindo za zala ndi zithunzi. Chaka chotsatira manambala a foni anayamba kulembetsedwa ndi ziphaso. Chiphaso chomwecho ndicho chimafunika ku banki, pa kaundula wa zisankho, pa fetereza wotsika mtengo ndi pa pasipoti. Zipata zathu nazo zikusintha: pa Mchinji ndi Mwami panatsegulidwa boda ya malo amodzi mu Disembala 2022, maofesala a Malawi ndi a Zambia akugwirira ntchito pamodzi. Zonsezi zimafulumizitsa ulendo, ndipo amalonda akuyamikira. Koma kwa zaka zonsezi mbiri za anthu zinkasonkhanitsidwa popanda lamulo lapadera loziteteza. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo mu Febuluwale Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a imigireshoni alowereredwa ndi anthu amene akufuna dipo. Nthawi imeneyo tonse tinkadandaula za maulendo olephereka. Ndi ochepa amene anafunsa za nkhope, zala ndi masiku obadwa a anthu amene anali m'makinamo.

Lamulo la Data Protection Act linayamba kugwira ntchito m'chaka chomwecho cha 2024, ndipo ndi sitepe yabwino. Udindo woliyang'anira unaperekedwa ku MACRA. Apa ndili ndi nkhawa yanga, ndipo ndiinena poyera. MACRA ili kale ndi ntchito yoyang'anira mawailesi ndi makampani a mafoni, bodi yake imasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo ambiri tikukumbukira mkangano wa makina amene anthu anawatcha a kazitape, umene unafika mpaka kukhoti. Kuti bungwe lotere lidzathe kuuza nthambi ya imigireshoni kapena apolisi kuti mwalakwa, lidzafunika kulimba mtima kumene tiyenera kukuona ndi maso tisanakhulupirire. Za apolisi tili ndi Independent Complaints Commission, imene inalembedwa m'lamulo la apolisi la 2010 koma inadikira zaka khumi kuti ipeze mtsogoleri wake woyamba. Kulinso Ombudsman, Malawi Human Rights Commission, ndi Anti-Corruption Bureau pa za ziphuphu. Maofesi awo ali m'mizinda, osati pa Songwe, pa Dedza kapena pa Muloza.

Ndipo tisaiwale Meyi 2023. Apolisi, mothandizidwa ndi asilikali, anagwira anthu othawa kwawo mazanamazana m'makwalala a Lilongwe, ana ali momwemo, kuwatsekera ku ndende ya Maula asanawatumize ku Dzaleka, msasa umene unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 koma muli oposa 50,000. Ena anasiya mashopu ndi katundu amene sanamuonenso. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anadzudzula. Gawo 42 la malamulo athu aakulu nalo lili ndi maola 48 omwewo. Ngati timafuna kuti mbale wathu ku Lindela aonekere pamaso pa woweruza, Mburundi ndi Mkongo wa ku Mgona mu Lilongwe ayenera kulandira zomwezo kwa ife.

Zimene ndikupempha si zodula poyerekeza ndi drone imodzi. Ofesala aliyense wa pa chipata avale dzina kapena nambala yooneka. Akatenga foni ya munthu, aisechere pamaso pa mwini wake, alembe chifukwa chake m'kaundula, ndipo apereke kapepala kosonyeza tsiku, nthawi ndi nambala yake. Chiwerengero cha mafoni osechedwa ndi anthu obwezedwa chizisindikizidwa chaka ndi chaka kuti aphungu azichifunsa. Pakhoma la holo iliyonse yodindira pakhale chikwangwani, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyawo, m'Chipwitikizi ndi m'Chiswahili, chonena zimene zikutengedwa kwa munthu, zisungidwa nthawi yaitali bwanji, zigawidwa kwa ndani, ndi nambala ya WhatsApp ya ofesi yodandaulirako imene si ya abwana a pa chipatacho. Dandaulo lizitha kutsatidwa munthu ali kwawo, popanda kumuuza kuti abwere yekha ku Capital Hill kapena ku Pretoria.

Mbali ina ili m'manja mwa boma lathu ngakhale lero. Pangano la ku Vienna la 1963 limapatsa munthu womangidwa kudziko lachilendo ufulu woti akazembe a dziko lake adziwitsidwe ngati iye wapempha, ndi woti amuyendere. Malawi ili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndi ina ku Johannesburg. Nambala za maofesi amenewa ziyenera kupachikidwa pa Mwanza ndi pa Dedza, ndi kumatidwa m'basi iliyonse yopita kummwera, ndipo pakhale munthu woyankha foniyo usiku, chifukwa mabasi ambiri amafika pa Beitbridge kunja kutada.